Mipando ya a Makatoni pa Boda

Dzina lakuti a Makatoni anawapatsa ndi anzawo akuntchito, ndipo iwo sankalikana. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali wosunga katundu pa fakitale ya nsalu m'dziko loyandikana ndi lakwawo, ndipo khalidwe la kuntchitolo ankabwera nalo kunyumba. Akagula wayilesi, katoni yake ankaipinda bwinobwino n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Atagula mipando ya sofa, pulasitiki yomwe inabwera nayo sinachokenso. Nyengo yotentha mlendo ankadzukapo malaya atamatirira kumsana, koma a Makatoni ankangoti chinthu chimafuna ulemu. Eniakewo ankakhala pa kampando ka thabwa pafupi ndi chitseko, pomwe ankatha kuona zonse.

Sanali munthu wankhanza, tisawanamizire. Vuto lawo linali lakuti matako awo sankagwirizana ndi mpando. Ankatuluka m'nyumba kusanache bwino, n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo asanavule n'komwe nsapato ankayamba ayendetsa chala pa tebulo kufufuza fumbi. Ana atatu anakulira m'nyumba imeneyo, anaphunzira, n'kubalalika aliyense kwake. Munatsala iwo, akazi awo ndi mipando yonyezimira.

Zaka zopumira pantchito zitakwana, m'pomwe anadziwa kuti ndalama ikamawoloka malire imaonda. Penshoni yawo anaidula msonkho konko asanaione n'komwe. Yotsalayo anakaisintha kubanki kuti ikhale ndalama yakwawo, ndipo kumenekonso anabudulako. Ndalama zija zinali ngati sopo, aliyense wozigwira zinkachepa. A Makatoni anawerengetsera kuseri kwa envulopu kanayi konse, akuzungulira tebulo, koma yankho silinasinthe. Zinatsala zolipirira lole yonyamula katundu ndi zogulira malata basi. Kwawo anali atamanga nyumba ya njerwa yomwe inakhala zaka ziwiri yopanda denga, ndipo mvula inali itatsala milungu isanu ndi umodzi kuti iyambe. Ndalama za malatazo anasunga ndi akazi awo m'chikwama chomwe sankachisiya pansi ngakhale popita kukasamba.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawakhazika mtima pansi. Anali atafunsa m'maofesi awiri, ndipo konseko anawauza kuti munthu wobwerera kwawo atakhala kunja zaka zambiri salipira msonkho pa katundu wa m'nyumba yemwe wakhala akumugwiritsa ntchito. Anakonza kalata ya kuntchito, mapasipoti, ndi mndandanda wa katundu wolembedwa katatu. Tsiku lolongedza linali ngati la ukwati wawo. Filiji inalowa m'katoni yake, wayilesi m'katoni yake, ngakhale simbi inapeza kwawo.

“Mwaonatu, mayi,” anatero uku akumata katoni yomaliza. “Munkandiseka. Ndinkasungira tsiku ngati lalero.”

Akazi awo anangoti, “Mwachita bwino, abambo.”

Anafika pa boda cha m'ma teni koloko m'mawa. Bwalo loimikapo malole linali la fumbi lokhalokha, lopanda mtengo ngakhale umodzi. Anadindiritsa mapasipoti popanda vuto, kenaka kunabwera wa msonkho, mtsikana wamsinkhu wa mwana wawo wachiwiri, atanyamula mapepala ndi cholembera. Dalaivala anamasula tenti ya pa lole. Mtsikanayo anakwera, anayang'ana makatoni osanjidwa bwino, anagwira pulasitiki ya pa sofa, n'kutembenuka.

“Bambo, mukukatsegula shopu?”

A Makatoni anaseka poganiza kuti akuwayamikira. “Ayi mayi, ndi katundu wa m'nyumba mwanga. Sofayo ili ndi zaka khumi ndi zisanu.”

“Imeneyi?”

A Makatoni anatulutsa malisiti, onse ali m'ndondomeko yake. Mtsikanayo anawayang'ana mwaulemu n'kuwabweza. Anati malisiti otere amawaona tsiku ndi tsiku, ena olembedwa dzulo lomweli n'kuviikidwa m'tiyi kuti aoneke akale. Lamulo linkakhululukira katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo iye maso ake ankaona katundu wosakhudzidwa, wina ali m'makatoni ake. Analemba nambala ya msonkho papepala n'kuwapatsa. A Makatoni anaiwerenga. Inkadya ndalama za malata pafupifupi zonse.

Kuyambira pamenepo miyendo yawo sinapumenso. Anapita pawindo la ofesi, anawauza kuti abwana apita kumsonkhano. Anabwerera ku lole, anakonza chingwe chomwe chinali bwinobwino, n'kupitanso pawindo paja. Anafotokozera mlonda wa pachipata nkhani yonse, ndipo mlondayo anawamvera chisoni chaulere. Anaimbira mwana wawo wamkulu, koma foni inadukira pakati chifukwa inali idakali ya dziko lomwe anachokalo. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Dalaivala anawakumbutsa kuti lole ikagona pamenepo mwini wake amawerengera tsiku lina, kenaka anatsitsa mawu.

“Madala, zinthu zina zimatha ndi ya fanta.”

“Ine sindinabepo ngakhale ulusi umodzi zaka zonsezi,” anayankha a Makatoni. “Ndiyambe lero kugula katundu wanga yemwe?”

Chomwe chinkawawawa kwambiri sichinali ndalama zokha ayi. Anali ndi manyazi. Chinthu chomwe ankanyadira moyo wawo wonse ndicho chinali kuwalanda denga, ndipo sankadziwa woti amukwiyire.

Nthawi yonseyi akazi awo anali atakhala mumthunzi wa lole, chikwama chili pamiyendo. Anawayang'ana amuna awo akudutsa kachisanu ndi chiwiri, anapumira m'mwamba, n'kudzuka. Anapita kwa wa msonkho uja, yemwe tsopano ankaona lole ina.

“Mwananga, mukamaliza apo mutabwera. Pali choti ndikuonetseni.”

Anapempha dalaivala kuti atsitse sofa yaikulu ija. A Makatoni anathamangira kudzaletsa, poopa fumbi, koma akazi awo anali atagwada kale. Analowetsa dzanja kunsi kwa mpando, ndipo zala zawo zinkaidziwa njira. Kumeneko pulasitiki sinali yomata monga inachokera kusitolo, inali yogwiridwa ndi mapini. Anawamasula limodzilimodzi osayang'ana n'komwe, ndipo pulasitiki yonse inavuka ngati malaya. Kenaka anatembenuza makushoni.

Kuseri kwake nsalu inali yoperepeseka. Panali banga lalikulu la tiyi, chigamba chosokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu, ndi chipsera cha simbi chooneka mphuno yake yomwe. Pa thabwa la pansi pa khushoni yapakati panali chithunzi chojambulidwa ndi bolopeni: mayi ndi ana atatu atakhala pa sofa, onse mano ali pamtunda. Mayiwo sanalekere pomwepo. Anatsegula katoni ya filiji n'kuonetsa shelefu yosweka yomangidwa ndi waya kumbuyo. Anachotsa nsalu ya pa tebulo yomwe ankaimanga ndi tizingwe m'makona, ndipo pansi pake panali masamu a ana atatu okandika m'thabwa.

A Makatoni anatembenukira kwa akazi awo. “Izi zinachitika liti?”

“Mukangotuluka m'mawa tinkachotsa. Sikisi koloko ikakwana tinkabwezera. Wamkulu ndiye ankaima pawindo kukuyang'anirani.”

“Zaka zonsezi?”

“Nanga anawo akanakhala pati, abambo?”

Wa msonkho uja anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mkuluyo anadziletsa. Anatenga mndandanda n'kuyamba kuchonga. Sofa inadutsa, filiji inadutsa, tebulo linadutsa. Wayilesi inapezeka kuti batani lake limodzi linali lomatidwa ndi guluu. Chilichonse chomwe mayiwo ankachigwira chinali ndi bala lake lobisika, ndipo bala lililonse linkabweza malata angapo pa denga lija. A Makatoni ankatsatira pambuyo ngati mlendo amene akumuonetsa nyumba ya eni.

Pomaliza panatsala mpando umodzi waukulu wa munthu mmodzi, wofiirira, wokhala ndi poika mikono. Anaugula zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, n'kunena kuti adzaukhalira akadzapuma pantchito. Mtsikanayo anayang'ana mayiwo, kudikira kuti agwadenso.

Iwo anapukusa mutu. “Uwo sitinaukhudze. Ndi wa bambowa.”

Mtsikanayo anaufufuza kunsi ndi m'mbali. Pulasitiki yake inali yomata ngati tsiku lomwe unagulidwa. “Pepani bambo,” anatero, “uwu ndiye mulipira.” Msonkho wake unali mtengo wa malata atatu. Mayiwo anatsegula chikwama, anawerenga ndalamazo, n'kunena kuti khonde likhoza kudikira chaka chamawa. Anapita okha pawindo kukalipira.

Pobwera anapeza amuna awo akulimbana ndi pulasitiki ya mpando uja. Sankadziwa poyambira, ndipo mapeto ake anangoing'amba ndi kiyi. Anakhalapo pang'onopang'ono, pakati pa bwalo la fumbi, malole akudutsa mbali zonse. Sofa inali idakali pansi pambali pawo, thabwa la chithunzi lija lili poyera.

“Anajambula ndani?” anafunsa.

“Wamng'ono. Anali sitandade thu.”

“Ine sanandiikepo?”

“Anakuikani. Taonetsetsani.”

Anawerama. Pakona pa thabwalo panali kawindo, ndipo kunja kwa kawindoko kunali kamunthu kakang'ono konyamula chikwama, kakubwera.

Dalaivala anafika akupukuta manja, n'kunena kuti akweze mpandowo azipita, njira idakalipo yaitali. A Makatoni, munthu amene moyo wake wonse ndiye ankafulumizitsa anzake, sanadzuke.

“Taimani kaye pang'ono,” anatero, maso ali pa thabwa lija.