Mphunzitsi Amene Anakhalira Manja Ake

Doña Fortunata Chuquimango anakulira pakati pa osoka nsapato ku El Porvenir, koma iwo zachikopa sizinawalowe mumtima. Akali buthu anaphwasula wailesi ya bambo awo kufuna kuona woyankhula m'katimo. Anakwapulidwa, koma sanaleke. Anakalambira pa kabenchi ka pamsika akuukitsa mawailesi akufa.

Januwale aliyense sukulu zikatsekera, makolo ankasonkhanitsa ana m'holo kuti aziphunzira sayansi m'malo momangopsa ndi dzuwa mumchenga. Gawo la Doña Fortunata linali kulumikiza mawaya ndi mtovu wosungunula, kuti pakutha pa tchuthi mwana aliyense anyamule kawailesi kopanga yekha. Anali mphunzitsi wosaugwira mtima. Mwana akachedwa, ankangomulanda chitsulo chamoto n'kumalizitsa okha.

Ndiye ukalamba unawalowa m'manja, anayamba kunjenjemera. Tsiku lina analanda chitsulo kwa kamtsikana kotchedwa Yeraldin, dzanja linagwedezeka, dontho la mtovu n'kugwera pamkono wa mwanayo. Panatuluka thuza.

Madzulo ake kunabwera a Otilia, mkulu wa komiti ya makolo, amene Doña Fortunata anawanyamulira mwana paubatizo.

"Komadre, mayi ake a Yeraldin akuti kalasi yanu itsekedwe."

"Nanga mawailesi ali pakatikatiwa amalize ndani? Inu, amene babu likapsa mumaitana mkamwini?"

"Nyozani, koma manjawo ayamba kuvina marinera popanda ng'oma."

Doña Fortunata anawayang'ana manjawo nthawi yaitali. Anali kuvinadi.

"Ndipatseni mpaka Lachisanu. Mukandiona ndakhudza chitsulo, tsekani."

M'mawa mwake anakokera mpando pakati pa ana, n'kukhalira manja awo onse awiri.

"Agogo, mukufungatira mazira?" anafunsa Maicol, mnyamata wapakamwa.

"Eya, ndipo ndiswa anapiye anzeru kuposa iwe. Tenga chitsulo."

Apa m'pamene anaona kuti zimene zala zawo zinkadziwa, pakamwa panalibe mawu ake. Anayamba kuwasaka movutikira, thukuta lili kamukamu.

"Tenthetsa wayayo, osati mtovu. Dikira. Ukanyezimira ngati mafuta m'chiwaya, chotsa. Chotsa, iwe!"

Maicol anaunjika chimbulumbulu cha mtovu chonyansa kuchiona. Dzanja la Doña Fortunata linasolola lokha pansi pa ntchafu, koma a Otilia anatsokomola pakhomo, ndipo gogoyo analibwezera pomwepo. Mnyamatayo anabwereza kufikira anakhoza. Masiku amenewo Doña Fortunata ankabwerera kunyumba zala zitachita dzanzi, mawu atasasa, koma chitsulo sanachikhudze.

Yeraldin sanaonekenso mpaka Lachisanu, pamene anabwera ndi mayi ake kudzangotenga zipangizo zake. Kawailesi kake kanatsala waya mmodzi.

"Mayi, ndinamuotcha ndine, chifukwa cha phuma langa," anatero Doña Fortunata. "Mulole amalize yekha. Ine ndili pompano, onani pamene pali manja."

Mayiyo anaima pomwepo, osatuluka. Mwanayo anagwira chitsulo chakumapeto kwenikweni, nkhope atayang'ana kumbali.

"Chigwire ngati pensulo, mwanawe. Chimaluma kumutu kokha. Tsamiritsa chigongono patebulo. Eya. Tsopano usandimvere ine, yang'ana mtovuwo, ukuuza wokha."

Kautsi kanakwera. Yeraldin anachotsa chitsulo asanauzidwe. Ataika batire, kawailesi kanayamba kwee, kwee, kenaka munatuluka mawu a munthu wolengeza mpira akukuwa ngati wapsa nyumba. Ana anafuula chigoli osadziwa n'komwe amene wagoletsa.

Mayi ake a Yeraldin anatenga kawailesiko, anakatembenuza uku ndi uku, anakaika kukhutu. Kenaka anayang'ana gogo wokhalira manja uja.

"Lolemba abwere nthawi yanji?"