Mayi Feggie ndi Mizere Yosakumana

Mayi Feggie Chirwa anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi anayi. Amuna awo anapita ku Joni kalekale, n'kusiya kuimba foni. Mwana wawo yekhayo anakwatiwa ku Mchinji. Pakhomo pawo kwa Kaluluma panatsala iwo, mbuzi zitatu ndi chigafa chowumitsiramo fodya.

Ankafuna satifiketi ya Fomu 4 kuti afunsire ntchito ya zaumoyo, koma masamu anali atawagwetsa kawiri. M'kalasi ya masana ankakhala kumbuyo, pa desiki yaokha. Atsikana ankawapatsa moni mwaulemu, kenako n'kukakhala kutali.

Chaka chimenecho makuponi anachedwa. Mayiwa anakhala pamzere wa feteleza masiku atatu, ndipo phunziro la mizere yowongoka linawadutsa. Atabwerera anapeza pabolodi pali y = 2x + 3 ndi y = 2x − 1. Anadikira kuti onse atuluke.

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Buku likuti mizere iwiriyi sikumana. Munthu amadziwa bwanji asanajambule?"

A Lemani Phiri, mphunzitsi wa masamu, anali atagwira kale njinga.

"Amayi, onani nambala ili pafupi ndi x. Imeneyo imanena kukwera kwa mzere. Mukayenda phazi limodzi kutsogolo, mwakwera mapazi awiri. Nambalayo ikafanana, mizere imayenda limodzi mpaka kalekale. Inayo imangonena poyambira."

"Ngati mapaso a mbali imodzi ya denga la chigafa?"

"Ndi momwemo! Koma pepani, ndachedwa kumsonkhano."

Kunyumba kunalibe wowachongera. Akaweruka kumunda ankasesa pabwalo, n'kujambula galafu padothi ndi kamtengo, akuyeza ndi chikhatho. Loweruka lina anafufuta 2 wa mzere wachiwiri, nalembapo 3. Anawerengera papepala, napeza kuti mizereyo iyenera kukumana pamene x ndi 4. Anagwada, najambula pang'onopang'ono mpaka kufupi ndi nkhokwe. Inadutsana pomwepo.

"Yakumana!" anafuula, atayimirira mawondo ali mbuu. Anacheuka uku ndi uku. Mbuzi imodzi inadzutsa mutu, n'kupitiriza kudya makoko a mtedza.

Zotsatira za mayeso zitatuluka anapita kusukulu m'mawa. Dzina lawo linalipo, masamu atakhoza ndi 7. Anafunsa za a Phiri kuti awathokoze, koma anawauza kuti anasamutsidwira ku Njombwa.

Pobwerera analowa m'golosale ya a Khamisi, pepala lili m'manja.

"Bambo Khamisi, ndakhozatu mayeso."

"Eee, mwachita bwino, amayi," anayankha a Khamisi, maso ali pa sikelo ya shuga. "Lero tikupatseni chiyani?"

Anagula mchere. Panjira anakumana ndi anthu ochokera kumaliro, ndipo anaona kuti si nthawi yake yonena. Atafika anaika pepalalo m'sutikesi, navala nsapato zakudimba, nanyamula keni. Dzuwa linali litakula, ndipo nazale ya fodya inali isanathiriridwe.