Asilikali Anga Atalowa Kwaya

Sukulu ndinasiyira folomu 3, ndipo musandifunse chifukwa, sindinu ahedi. Ku Dubai ndinabwera kudzaima. Ulonda ndi umenewo: umaima pageti ya mafulati kudera lotchedwa JVC, nsapato zikuwotcha, n'kumapatsa moni anthu amene amalankhula ndi agalu awo okha.

Mzungu wina wa pamafulatipo, pobwerera kwawo, anandisiyira katoni. Ndinkayembekeza nsapato, mwina foni yakale. Nditatsegula ndinapeza tiasilikali tamtovu totalika ngati chala chamanthu: mafupa a anthu akufa atanyamula mikondo, tianthu tobiriwira ta mano otulukira kunja, ndi chiwanda chimodzi cha nyanga zopindika ngati za nkhosa yamphongo. Anati tinapangidwa iye ali mwana, masiku ano satipanganso, ndipo chiwandacho chokha anthu amachisaka dziko lonse. Tizidoleti anthu amatipenta, kenako n'kumatimenyanitsa patebulo poponya madayisi. Amuna andevu, ena a zidzukulu. Ndinati shukran, zikomo wa Chiarabu, mumtima ndikumutukwana.

Pasanapite nthawi ndinali nditagula burashi ndi timabotolo ta penti kumashopu a ku Karama. Sekani ngati mukufuna. Tsiku lonse munthu umauzidwa poima, poyang'ana, ngakhale nthawi yokataya madzi. Koma kachigaza kakang'ono ngati njere ya chimanga, ndiwe wekha unena kuti maso ake akhale ofiira. Palibe supavaiza amene amabwera kudzakufunsa.

Chovuta chinali penti yakale. Mzungu uja anaipaka ali mwana, yokhuthala ngati phala. Pa intaneti ndinaona kuti ukaviika tizidoleto m'mankhwala abulauni otsukira mabala aja, penti imasupuka yokha. Ndinatenga botolo lalikulu la mayonezi, n'kuthiramo mankhwala, n'kuponyamo gulu loyamba la mafupa. Botolo ndinaliika pansi pa bedi.

Timagona kukampu ya kampani, mabedi osanjikizana. Anzathu a ku Nepal salowerera za munthu. Olowerera ndi awiri: m'Zambia wina wa pabedi ya pamwamba pa ine, ndi madala a ku Ntcheu, adazi, amimba, otsuka mbale kuhotela ya ku Business Bay, amenenso amatsogolera mapemphero Lamlungu.

Masana ena ndikuchokera kuntchito ndinapeza botolo langa lili pampando pakati pa chipinda, anthu ataima chotsamira khoma. M'Zambia uja analipeza akufuna patapata wake. M'madzi abulauniwo tizigaza tinali titayang'ana kunja, penti ikulendewera ngati nyama yowola.

"Boyi," anatero m'Zambia, "aba bantu ni bandani?"

"Ndi zidole, aise."

Madala anakhosomola. "Mwanawe, takhala nawe bwino. Nena zoona. Anthu awa unawatengera kwanu, kapena wawapezera konkuno?"

"Madala, ndi zidole za azungu. Ndikuchotsa penti."

"Akubasenda khungu," anatero m'Zambia.

"Zidole zimamwa mankhwala a kuchipatala?" anafunsa madala. Kenako anayamba kutchula zimene zachitika chilowere botolo m'chipindamo. Makina oziziritsa chipinda akudontha. Msana wawo sukuwongoka. Mayi akunyumba kwawo sakuyankha foni.

Ndinawauza kuti akazi awowo anasiya kuyankha foni ine ndisanakwere n'komwe ndege. Zinali zoona, koma sizinandithandize.

Ndinaganiza zowaonetsa masewerawo kuti amvetse. Ndinatulutsa katoni, n'kundandalika asilikali pabedi, mafupa uku, obiriwira uku. Ndinaponya madayisi n'kunena kuti apa ndiye kuti awiri afa.

"Afa!" Madala anagwira mutu. "Ndiye umaombezanso ula?"

Chigamulo chinali chachidule. Zonse zikatayidwe, apo ayi nkhani ipita kwa bwana woyang'anira kampu. Dziko lino mlandu wa ufiti suthera pakamwa, umakafika kupolisi. Ndinadziona ndikutsika ndege ku Lilongwe, mayi anga akundifunsa chimene andithamangitsira, ine n'kumati tianthu ta m'botolo. Kosungira kwina ndinalibe. Munthu wa kukampu nyumba yake ndi bedi ndi pansi pake, khalas, basi.

"Sinditaya," ndinatero. "Kaneneni."

Mawu anatuluka olimba. Madala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mafupa ali pabedi. Kukanena mwana wakwawo kwa bwana wachilendo sanafune, kugonja pamaso pa m'Zambia sanafunenso.

"Palibe wosapulumuka," anatero potsiriza. "Ngakhale mafupa ali ndi tsiku lawo lodzuka. Akhale, koma atembenuke."

"Atembenuke bwanji?"

"Si uli ndi penti iwe? Uwaveke zoyera. Alowe kwaya."

Ndinaseka. Woseka ndinali ndekha.

Choncho asilikali a imfa, amene ndinkafuna kuwapaka dzimbiri ndi magazi, ndinawaveka mikanjo yoyera ya kolala yapepo. Mikondo madala analola, ati ndi yobayira mdyerekezi. Obiriwira aja anaikidwa kukhala olandira alendo pakhomo la tchalitchi, chifukwa ati nkhope zawo zingathandize kuti anthu asamatuluke ulaliki usanathe. Aliyense ndikamaliza ndinkapita naye kwa madala. Iwo ankavala magalasi, n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Uyu mkanjo wafupika. Mawondo akuoneka."

"Madala, ndi mafupa."

"Mafupa ndiye aziyenda maliseche? Yalla, fulumira, kakonze."

Ndinakonza. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti ankaoneka bwino. Penti yoyera ndi yovuta, imafuna kupaka mopyapyala kambirimbiri, ndipo dzanja langa linakhwimira pa mikanjo imeneyo.

Chinatsala chiwanda. Chimenecho ndinachisunga kumapeto dala. Ndinali nditachitsuka mpaka kuwala, ndipo mitundu yake ndinkaiganizira ndili pageti: khungu lofiirira ngati chiwindi, nyanga zoyera kunsonga, zakuda kutsinde. Ndinayesa kuchibisa m'sokosi. M'Zambia anaulula.

"Uyu ayi," anatero madala. "Ndi nyanga zimenezi kwaya salowa. Zichoke. Zikapanda kuchoka, atuluka iye ndi anzake onse, ndipo ine ndasamba m'manja."

Ndinawauza kuti chinthuchi n'chakale kuposa ine, kuti chikadulidwa sichidzapezekanso china. Anati uchimo nawo ndi wakale.

Ndinakhala pabedi ndi chowengera zikhadabo, chija chili ndi katupa kumbuyo. Mtovu ndi wofewa, sulimbana ndi munthu. Ndinkafuna ukanikeko pang'ono kuti ndipeze chonamizira, koma nyanga yoyamba inangogwera pantchafu panga. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinasalaza pamutu, n'kuuzira fumbi lake, n'kuchiimika pampando.

Popanda nyanga sichinalinso chiwanda. Anali bambo wadazi, wamimba, dzanja limodzi m'mwamba, kukamwa kuli yasa. M'Zambia anachiyang'ana, n'kuyang'ana madala, n'kuchiyang'ananso. Anatuluka m'chipinda mwaulemu. Tinamumva akugwa ndi phwete pakhonde.

Madala anavala magalasi. Anachinyamula, n'kuchiyang'anitsitsa kumaso.

"Waona?" anatero motsitsa mawu. "Uyu ali ndi nkhope ya utsogoleri. Umupangire tayi."

Tayi ndinapenta yofiira. Gulu lonse linapulumuka, limaima pawindo, iye kutsogolo. Madala amamupukuta fumbi asanapite kuntchito, ndipo analamula kuti asamagwiridwe ndi manja osasamba. Ine ndikafuna kumunyamula ndimayamba ndapempha.