Tsiku limene ndinakaniza Mayi Nachisale kunyamula mwana

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Bradford inali yokolopa m'nyumba yosungira okalamba. Anandipezera ndi Mayi Nachisale a kutchalitchi kwathu, amene ankagwiranso ntchito komweko. Ndinathokoza, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti akufunanji kwa ine. Ndi mmene ndilili.

Bwana wathu, mzimayi wa ku Zambia, anandionetsa zokolopera: chofiira cha kuchimbudzi, chobiriwira cha kukhitchini, chachikasu cha m'zipinda za odwala matenda opatsirana. "Mukasokoneza, amayi, mupha munthu," anatero.

Nyengo yozizira itafika, mawindo onse ali chitsekere, kunabuka matenda osanza ndi kutsegula m'mimba. Ine wokulira ku Ndirande sindinadabwe, kolera ndinamuona. Pamene anthu athithikana, chitseko chimodzi akugwira aliyense, matenda savutika kupeza njira. Ndiye ife antchito tinkachoka nyumba ya okalamba iyi kupita ina pa basi, kuwanyamula ngati katundu.

Tinkapukuta zogwirira zitseko ndi bulichi mpaka zala kusweka. Bwana anati, "Sanitaiza sapha amenewa, sambani ndi sopo. Wodwala akachira adikire masiku awiri asanabwere."

Mantha anga anali kunyumba. Mdzukulu wanga Tadala anabadwa masiku asanakwane, kamwana kochepa ngati dzanja langali. Ndikaweruka ndinkavulira pakhomo, zovala m'jumbo, kenako kubafa.

Loweruka lina ndinapeza amayi a mvano adzaza pabalaza, abwera kudzaona mwana. Ankamulandizana uku akuimba. Wotsatira anali Mayi Nachisale, atatambasula kale manja. Dzulo lake ndinali nditawaona ndi maso angawa akusanza m'sinki kuntchito.

"Mwana asafike kwa amayiwo," ndinatero ndili pachitseko, jumbo kumanja.

Nyimbo inaduka. Kwathu kukaniza munthu mwana ndi kumutchula mfiti.

"Agogo ake, mwandiyesa chiyani? Ine amene ndinakupezerani ntchito?"

"Dzulo munasanza kangati?"

Mwana wanga, mayi ake a Tadala, anandinong'oneza, "Amayi, mukutichititsa manyazi." Ndinamuuza atenge mwanayo akwere naye m'mwamba. Sindikanamugwira ndisanasambe. Anazengereza, koma anakwera.

Mayi Nachisale anatola chikwama natuluka, anzawo pambuyo. Sabata imeneyo amayi ena a mvano anagona nawo matendawo. Tadala sanadwale.

Lero ali kusukulu, ndikamuyankhula amandiyankha m'Chingerezi. Mayi Nachisale sandipatsabe moni. Chimene ndinatola pa ntchitoyo n'chakuti matenda sabwera ndi mdani. Amabwera ndi munthu wokukonda, atanyamula mphatso ya mwana.