Katatu ndi Mbasela

Fungo la chitsulo chowotcherera limandibwezera ku Kalingalinga, pa holide ina ya Ogasiti, mphepo ikutithira fumbi m'mano. Atsikana a mumzere wathu tinali titapenga ndi netibo. Mpira tinali nawo, koma golo lathu anali Chanda, mng'ono wanga, amene ankaima pampando atakoloweka manja ngati mphete. Atsikana a komboni ya Mtendere anatiseka, nati sabwera kudzasewera Loweruka ngati tilibe ring'i yeniyeni. Zinatiwawa zedi.

Ba Mwansa, owotcherera mageti pafupi ndi kwathu, anatipatsa chitsulo chimodzi chotsala. "Niuzeni podula," anatero. "Nidula kamozi chabe. Mukalakwisa, ni vanu."

Tinaika mpira pafumbi, ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo, china uku china uko, titasiya mpata woti mpirawo udutse. Mutinta, kaputeni wathu wapakamwa, anati kuzungulira kwa ring'iyo ndi mtunda umenewo kawiri. Ine, wamakani chibadwire, ndinakana. Ndinasolola ulusi wa saka, ndinaupinda kuti ndipeze pakati pa zitsekererozo, ndinakhomapo msomali, nkujambula bwalo lozungulira pafumbipo. Kenako tinayala ulusi wina motsata mzerewo, nkuuyeza pa zitsekerero zija: kamodzi, kawiri, katatu, nkutsala kachidutswa kosakwana chikhatho.

"Tayani ako," anatero Mutinta.

"Iwe! Iyo ni mbasela!" ndinakuwa. Amayi ankagulitsa tomato pamsika, ndipo sindinawaonepo akulola wogula achoke opanda kowonjezera.

Ba Mwansa anaseka mpaka kutsokomola, koma anadula pamene ndinaloza, mbasela ili momwemo. Atapinda chitsulocho motsata bwalo lija, nsonga zake zinakumana ndendende. Tinavina fumbi lili koboo!

Loweruka a ku Mtendere anabwera, ndipo anatichinya, sindinama. Koma Chanda anali atatsika pampando, ndipo chigoli chathu choyamba anamwetsa ndi iye, ndi timanja tomwe tija. Ndinalira ndi chimwemwe.

Ku sekondale aphunzitsi analemba 3.14 pabolodi, nati tizichulukitsa ndi mtunda wodutsa pakati pa bwalo kuti tipeze kuzungulira kwake, ine nkumwetulira ndekha. Ndili mwana ndinkayesa kuti bwalo ndi lachifundo ngati amayi, limangowonjezera mwa kufuna kwake. Lero ndikudziwa kuti popanda kachidutswa kaja mphete sikanatsekeka, ndipo Chanda akanakhalabe pampando, manja ali m'mwamba.