Ng'azi ya pansi pa nkhokwe ya agogo

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno ndinadzidzimuka ndi kulira kwa nkhuku kuseri kwa nkhokwe. Nditathamangirako ndinapeza ng'azi ili pachisa, mazira ena itameza kale. Itandiona inathawira pansi pa nkhokwe. Nkhuku ikufungatirayo ndi yokhayo imene agogo atsala nayo.

Ndinaimbira foni amalume a Yohane ku Lilongwe. Iwo anaimbira anthu oona za nyama zakutchire, n'kuwauza m'Chingerezi kuti kwa mayi awo ku Chisepo kwalowa crocodile.

Masana kunafika galimoto, amuna atatu, zingwe ndi mfuti. Mudzi wonse unalondola. Wamkulu wawo atasuzumira pansi pa nkhokwe anatembenukira kwa agogo.

"Agogo, ng'ona ija ili kuti?"

"Ng'ona kumapiri kuno? Izimwa chiyani, fumbi?"

"Ife tauzidwa crocodile, ndiye kuti ng'ona. Iyi ndi ng'azi. Pa Chingerezi amati monitor lizard."

"Monitala?" anafunsa agogo. "Ngati wa m'kalasi uja? Wamusankha ndani kuti aziyang'anira mazira anga?"

Amuna aja anaigwira ndithu, koma anakana kuitenga poti iwo anatumidwa ng'ona. Kuipha atiletsa. Akuti tikaitaye kudambo, chonsecho n'komwe imachokera, ndipo njira yobwerera kuchisa ikuidziwa.

Amalume, kaya munasokoneza mawuwo kaya munafuna kuti abwere msanga, sindikudziwa. Koma abale, tiuzeni kokaitaya koti isabwerenso, chifukwa bambo uja wangondipatsa thumba likuphiriphitha, n'kukwera galimoto kumapita.