A Elifala, Onunkhiza Mabuku

Anthu akamati amuna anga ndi mkulu wa laibulale, ine ndimangoti eya, chifukwa ndikayamba kufotokoza tsiku limatha. Ndi mkulu wa laibulale ndithu, koma kuwerenga sadziwa, ngakhale dzina lawo lomwe. Dzina lawo ndi a Elifala, kwawo ndi kumapiri a Ntchisi. Anabwera kwathu kuno, kufupi ndi Nachisaka, kudzakhala chikamwini atanyamula mphasa, khasu ndi mphuno. Nkhani yonse yagona pamphunoyo.

Kuyambira ali mnyamata, ntchito yawo ndi yosankha fodya. Mukawapatsa tsamba amalisisita ndi chala, amaliyang'ana padzuwa, kenako amalinunkhiza, basi akuuzani giledi yake. Fodyayo kusuta sasuta. Amati munthu sawotcha chinthu chimene amachilemekeza.

Ine ndili ndi mlongo wanga mmodzi, achimwene a Howard, amene anali mphunzitsi. Nthawi ya chipani chimodzi, akaweruka kusukulu ankabwera m'chigafa mwathu, momwe timayanikamo fodya, atatenga buku lachizungu lachikuto chobiriwira. Ankakhala pamtondo wogadamiza n'kumawerengera alamu awo, chala chili pamzere, akutanthauzira m'Chichewa, enawo akusankha masamba. Nkhani yake inali ya munthu wina dzina lake Benjamini, amene anali ndi ng'ombe yamphongo yokalamba. Ng'ombeyo inaletsa zinzake zonse kulira m'khola, ndipo iliyonse yoyerekeza inkalawa nyanga. Tsiku lina inathamangitsa mwini wake yemwe. Benjamini anakwera mumtengo wa mpoza, ng'ombe inaima pansi ikupalasa dothi, nthambi imene anakhalapo inayamba kulira kuti thee.

Achimwene atangofika pamenepo powerenga, galimoto inaima kuseri kwa chigafa, dzuwa likuswa mtengo. Wina wa makutu aatali anali atakanena kuti ng'ombe ikukambidwa m'chigafa cha a Elifala si ng'ombe ayi. Anthu ovala majekete anatenga achimwene, anatenganso buku, n'kupita nawo kundende. Sanawalole ngakhale kuvala nsapato.

Patapita zaka anabwerako, koma anabwera thupi lokha. Munthu amene ankalankhula mpaka nkhuku kumuthawa anatsala ndi mawu atatu, eya, ayi ndi zikomo. Pepala sankaligwira, ngakhale buku la nyimbo kutchalitchi. Amuna angawa, popeza mutu wawo umayenda payekha, anadikira alendo odzazonda atabalalika n'kufunsa kuti, “Alamu, nanga Benjamini uja anatsika?” Achimwene anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo sitinawaonenso panja mpaka chimanga chinacha. Ndinawakalipira a Elifala mpaka mawu kundithera, ndipo sanafunsenso.

Kufunsa anasiya, koma kuiwala ayi. Tikulima, mumangoona munthu waima, khasu lili m'mwamba. Ndikati, “Bambo a Madalo, chavuta n'chiyani?” iwo amvekere, “Lenia, munthu uja akadali mumtengo.” Mvula ikagwa yamatalala, “Lenia, munthu uja akunyowa.” Abale inu, zaka pafupifupi makumi awiri ndakhala pabanja ndi amuna awiri, wina pamphasa, wina mumpoza.

Kenako kunabwera matipate. Zipani zinachuluka, nsalu zinachuluka, mabungwe nawo anachuluka. Bungwe lina linabweretsa makatoni a mabuku, makaseti a nyimbo ndi matepi a kanema, zoperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino a kutsidya kwa nyanja, kuti m'dera mwathu mukhale laibulale ya anthu onse. Nyumba yake anati adzamanga m'tsogolo, ndipo m'tsogolomo sitinafikemo mpaka lero. Komiti inakhala pansi kufuna munthu wosunga. Aphunzitsi onse awiri anali osuta, mlembi wa mpingo anali wosuta mobisa, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti buku likafika m'manja mwa wosuta limatha ndi kupichirira chingambwe. Anafuna munthu wosasuta, wa chigafa chosadontha. A Elifala anaimika mkono asanamalize n'kufunsa komwe.

Ine ndinadziwa chimene ankafuna. Anaganiza kuti mwa mabuku onsewo, la Benjamini silingalephere kupezekamo, ndipo akalipeza akapempha munthu wina awawerengere kumapeto, achimwene osavutitsidwa. Dzina la bukulo sankalidziwa. Ankadziwa kulemera kwake m'manja, kukhakhala kwa chikuto, ndi fungo lake, limene ankati likunga guluu wosakaniza ndi mbatata yowola pang'ono.

Fodya wathu anasamukira m'nyumba, ife tikutsokomola ngati mbuzi, mabuku ali phee m'chigafa. A Elifala anawasanja monga amasanjira masamba, opyapyala ndi owala pansi, apakatikati pakati, okhuthala ndi akuda pamwamba. Kutsegula buku sankatsegula. Ankati buku lomaliza kutsegulidwa m'chigafa muno linapita ndi munthu, ndiye wofuna kuwerenga akatsegulire kwawo.

Vuto linali lakuti anthu akabwera ankafunsa kuti labwino ndi liti. Munthu wanzeru akanati sindikudziwa. Amuna anga ankatseka maso, n'kuyendetsa mphuno pashelefu, fwii, fwii, kenako n'kusolola limodzi.

Woyamba anali a Alexio, okonza njinga, amene mkazi wawo anali atawathawa. Anati, “A Elifala, ndipatseni buku loti ndiiwale.” Anawapatsa chibuku chonenepa chachikasu, ati ndi la giledi yapamwamba, lokhwimira padzuwa. Linali la manambala a telefoni a mzinda wina wa kunja. A Alexio analiwerenga nyengo yonse yadzinja, ndipo pobweza anati, “Anthu ndi ambiri, nkhani ndi yochepa, koma mayi uja ndamuiwaladi.” Mbiri inawanda mpaka ku Madisi kuti kwa a Elifala kuli mabuku ochiritsa.

Makaseti ankawagwedeza pakhutu. Ikalira kwambiri, ati ili ndi ng'oma. Mayi Rebeka, aneba athu, pokwatitsa mwana wawo anabwera kudzapempha nyimbo zovinira, ndipo anapatsidwa imene inkalira kuposa zonse. Ataiika muwailesi paukwati, munatuluka mzungu wophunzitsa chilankhulo cha kwawo. Amanena mawu, n'kukhala chete kudikira kuti mubwereze. Anthu anayang'anana. Mayi wina kumbuyo anabwereza, ena anatsatira, wina anayamba kuwomba m'manja, mapeto ake fumbi linali kobo. Mpaka pano pali mawu ena amene timakuwa akwati akamalowa, ndipo tanthauzo lake palibe amalidziwa.

Za kanema ndiye musanene. M'mudzi muno munalibe choonetsera, choncho wobwereka ankapita nayo tepi kwa a Vinsenti ku Madisi, amene anali ndi vidiyo ya jenereta. A Elifala ankayeza tepi padzanja ngati nkhuku yogula. Yolemera ankati ili ndi nkhondo yambiri, yopepuka ndi ya mapemphero. Amayi a Chigwirizano titafuna kanema wolimbikitsa, anatisankhira yopepuka, ndipo tinayenda ulendo wonsewo titavala zoyera. Tinakapeza amuna ometa mipala akuuluka pamadenga ndi kumenyana mateche. Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma nditacheuka ndinaona amayi a busa ataimirira, chibakera chili m'mwamba, akukuwa kuti, “Mpatsenso!” Anyamata a mpira anapatsidwa yolemera, n'kukaonera nsomba zikusambira pansi pa nyanja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anakhala duu, akudikira kuti ndewu iyamba. Pobwera anati nsomba yaikulu ija ikuoneka kuti idzabwezera mu gawo lachiwiri.

Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima. Ndinkati, “Inu, mudzatimangitsa. Mukunamiza anthu.” Iwo ankati, “Wabwerera ndani wodandaula?” Ndipo chonyansa chake n'chakuti panalibe. Amene ankadandaula ndi osuta okha, chifukwa a Elifala ankatha kuima pamsika, kukoka mpweya, n'kuloza munthu kuti, “Inu, mukusuta buku lofiira lija. Mubweze lotsalalo.”

Makatoni onse oyamba anawanunkhiza mpaka mphuno inasupuka, koma la Benjamini munalibe. Anayamba kuonda. Ankadutsa pakhomo pa achimwene, amene ankakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana phiri, n'kupereka moni, n'kulandira zikomo wawo, n'kumapita mutu uli pansi. Pamenepo ndinasiya kuwaseka. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinamvera chisoni mlongo wanga, moti masiku ena ndinkapita kudimba kukalira ndekha.

Chaka chotsatira, fodya atangopita ku okushoni, galimoto ya bungwe inasiya katoni ina, ya mabuku akale amene sukulu ina ya m'tauni inkafuna kutaya. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinangomva kukuwa m'chigafa ngati munthu walumidwa ndi njoka. Anatuluka akuthamanga, atakumbatira buku lobiriwira pachifuwa.

“Lenia, ndi ili! Tanunkhiza!”

“Ndinunkhize ine ndine galu?”

“Ndikupita nalo kwa aphunzitsi pompano. Lero munthu uja atsika.”

Ndinawalanda. Ine sukulu ndinalekeza panjira, chizungu sindimva, koma maso ndili nawo. Ndinatsegula pomwepo pabwalo, iwo akukuwa kuti ndisatsegule. Tsamba loyamba, mbuzi. Lachiwiri, mbuzi ina yayang'ana kumbali. Pakati, munthu akumwetsa mbuzi mankhwala. Ndinafika kumapeto osaona mpoza, ng'ombe kapena Benjamini.

Ndinati, “Bambo a Madalo, ili ndi buku la kawetedwe ka mbuzi.”

“Bodza! Zithunzi amangoikamo zokongoletsa.”

“Mbuzi yotsegula m'mimba ndi chokongoletsa?”

Tinakangana mpaka agalu anayamba kuuwa. Ine ndikukoka, iwo akukoka, ine ndikuti mphuno yawo yakalamba, iwo akuti banja lathu lonse ndi la anthu osakhulupirira. Sitinaone kuti achimwene achoka pakhonde pawo. Tinangoona dzanja lalowa pakati pathu n'kugwira bukulo. Tonse tinalisiya. Aka kanali koyamba kuwaona atagwira pepala chibwerereni kundende.

Analitembenuza, anasisita chikuto, anatsegula. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ine n'kumati akulira. Ayi, ankaseka. Kuseka kwake kunali kwa dzimbiri, ngati chitseko cha nkhokwe yosatsegulidwa.

“Alamu,” anatero, “mwaphonya pang'ono. Lija linali la nkhumba.”

A Elifala kukamwa kunali yasa. “La nkhumba bwanji?”

“La kawetedwe ka nkhumba. Ndinkaphunzitsa nalo zaulimi. Ndinaona kuti mukugona ndikamawerenga za chakudya cha nkhumba, ndiye ndinayamba kupeka. Benjamini sali m'buku lililonse. Anthu aja analiwerenga mobwerezabwereza kufuna ng'ombe, ndipo ataisowa anati ndaibisa.”

Ine ndinakhala pansi pomwepo. Mawu ochuluka chonchi kuchokera mkamwa mwa mlongo wanga ndinali nditawaiwala kamvekedwe kake. Koma amuna anga anakwiya zenizeni, mitsempha ya m'khosi ili njo.

“Ndiye mwandinunkhizitsa makatoni onse aja pachabe? Mphuno yanga yasupuka chifukwa cha nkhumba? Chabwino, poti munamukweza ndinu, mutsitseni!”

Kuseka kwa achimwene kunatha. Kenako anati, motsitsa mawu, “Ndinayesa, alamu. Kuja ndinkayesa tsiku lililonse. Ndikati ndimutsitse, ng'ombe ili pompo.”

Ndinafuna kuwatsina a Elifala kuti akhale chete, koma anali patali. Anakanda m'mutu, n'kulankhula ngati akunena za mtengo wa feteleza.

“Alamu, inu munaphunzitsa zaulimi. Ng'ombe imene inali yokalamba kale nthawi ija ingakhale moyo mpaka lero? Inafa kalekale imeneyo, anthu anadya. Munthu akungovutika mumtengo pansi palibe kanthu.”

Achimwene anawayang'ana alamu awo, anayang'ana phiri, anayang'ananso buku. Kenako anayenda okha kulowa m'chigafa. Mtondo uja unali pomwe unkakhala, chifukwa a Elifala sankalola munthu kuusuntha. Anakhalapo, anatsegula pa tsamba la mbuzi yomwa mankhwala, anaika chala pamzere. Ine ndinaima pakhomo, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinaipukute.

“Benjamini anayang'ana pansi,” anayamba achimwene, “ndipo anaona kuti udzu wamera pamene ng'ombe inkapalasa. Anatsitsa mwendo umodzi.”

A Elifala anakhala pachisaka, anakoka mulu wa masamba otsalira n'kuyamba kusankha, ngati kuti anthu a majekete aja anabwera dzulo. Achimwene atanyowetsa chala kuti atembenuze pepala, amuna anga anadzutsa mutu.

“Pang'onopang'ono, alamu,” anatero. “Musadumphe tsamba.”